Harare wa ana a machona

Amalawi ambiri amene amati anafikako ku Harare anauona mzindawu ali pa windo la basi. Basi ya ku Joni imaima pang'ono pa Roadport, anthu n'kutsika kukawongola miyendo, kenako ulendo wa ku Beitbridge. Mukawafunsa amakuuzani za misewu yotakata ndi nyumba zitalizitali, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindinkafuna kungodutsa. Kwathu ku Dedza dzina la mzinda umenewu linalowa m'nyumba mwathu ndisanabadwe, chifukwa mng'ono wawo wa agogo anga aamuna ananyamuka m'zaka za m'ma 1950 kupita ku Halale kukafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Anatchona. Anamwalirira konko, anaikidwa konko, koma anasiya ana. Mmodzi wa anawo ndi azakhali anga a ku Mabvuku, amene kwa nthawi yaitali tinkangomvana mawu pa WhatsApp.

Ndiye mwezi wa Okutobala ine ndi achimwene anga tinathira mafuta m'galimoto, kumbuyo tinaponyako kathumba ka mpunga wa Kilombero ndi usipa wouma, n'kulunjika kuchipata cha Dedza. Harare ndi mzinda wa Ashona, palibe angatsutse. Koma m'miyala yake yosema, m'magitala ake, m'misika ndi m'matchalitchi ake muli dzanja la anthu olankhula Chichewa, ndipo dzanja limeneli silitchulidwa mokwanira, kaya kumeneko kaya kuno kwathu. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Mukawoloka pa Dedza kulowa Calomue, chimene chimasintha ndi yunifolomu ya apolisi ndi zikwangwani za Chipwitikizi basi. Anthu a ku Angonia ndi ife tomwe. Amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi m'mbali mwa msewu amakuitanani m'Chichewa, mtengo n'kukambirana m'Chichewa. Oyenda pa galimoto yanuyanu dziwani kuti Mozambique sali mu COMESA, choncho inshuwalansi ya kumeneko mumagula payokha pachipata. Kuchoka ku zitunda zozizira za Ulongwe msewu umatsetsereka, mpweya n'kumatentheratenthera, mpaka ku Moatize kumene fumbi la malasha ladetsa ngakhale masamba a mitengo. Mukangopitirira pang'ono, Zambezi uyo.

Tete mu Okutobala sachitira munthu chisoni. Tinaima pafupi ndi mlatho wa Samora Machel kuti injini ipume, madzi a m'botolo atatentha kale, ine n'kumangoyang'ana kukula kwa mtsinjewo. Oyamba kupita ku Halale ankayenda pansi njira yomweyi kwa masabata, mtolo pamutu, n'kuwoloka madzi amenewa pa bwato. Chinawachotsa pakhomo chinali msonkho wa atsamunda, umene unkafuna ndalama pamene ndalamayo kumudzi kunalibe, ndipo kwa a kum'mwera panalinso thangata wa m'minda ya azungu. Ku Southern Rhodesia nako migodi ndi mafamu a fodya zinkasowa antchito. Boma lakumeneko linafika poika magalimoto onyamula ofuna ntchito osalipiritsa, amene anthu ankangowatcha Ulere, ndipo panabweranso bungwe lolemba anthu ntchito lija akuluakulu amalikumbukira ndi dzina loti Mthandizi. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, likulu linali Salisbury, ndipo opita kumeneko anangochulukirachulukira. Ngakhale Kamuzu Banda ali mnyamata anadzera dziko lomweli, nagwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku South Africa.

Kuchoka ku Tete kudzera ku Changara mpaka Cuchamano ndi dziko la milambe, mbuzi ndi matumba a makala. Pa Nyamapanda pamafunika kuleza mtima, mzere wa mathiraki ndi wautali. Mukamasulidwa pamenepo atsala ndi makilomita pafupifupi 240. Chakumtunda kuno mpweya umazizirirapo, ndipo cha ku Mutoko mapiri a mwala wosalala amayamba kuonekera, ena atasenza miyala ina pamwamba mochita kudabwitsa kuti sigwa bwanji. Tinakumana ndi malole atanyamula zimiyala zakuda zodulidwa mwa makona anayi, nsangalabwi ya ku Mutoko imene imagulitsidwa kunja, ndipo m'mbali mwa msewu munali ndowa za matimati zosawerengeka.

Tinalowa mu Mabvuku kutada. Azakhali anatulukira pakhomo ndi nthungululu, chitenje chikukwekwereza pansi.

"Ana a achimwene anga, mwafikadi? Mwafikadi inu?"

Anatigwira kumaso mmodzimmodzi, kufuna kuona ngati pali amene watengera bambo awo. Atatikhazika pansi anagwada n'kuwomba m'manja mwa Chishona, manja atawapingasa, koma moni anatipatsa wa kwathu, kufunsa za ku mudzi ndi za anthu amene sanawaonepo chibadwire. Chichewa chawo n'chakale, chimene anawasiyira bambo awo, chosakanikirana ndi Chishona apa ndi apo. Mwana wawo, msuweni wanga, amamva zonse koma poyankha lilime limathawira ku Chishona. Zidzukulu zimangodziwa moni ndi zikomo.

Mabvuku anamangidwa m'zaka za m'ma 1950, makamaka pofuna kusungiramo antchito a m'nyumba za azungu a kum'mawa kwa mzinda, ophika, ochapa ndi osamala maluwa. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. N'chimodzimodzi ku Tafara, ku Dzivarasekwa, ku Mufakose, ku Epworth, ndi ku Rugare kwa antchito a njanji. Mukamayenda m'madera amenewa mumva anthu akuitanana kuti Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, ngakhale zotsatira zake zikhale za Chishona. Moyo si wofewa. Madzi a m'mipopi amasowa nthawi yaitali, ndipo m'mawa uliwonse tinkapeza mzere wa zigubu pa mjigo.

Usiku wina azakhali anatulutsa m'chikwama chitupa chawo chakale, chachitsulo, n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha. Munthu wobadwira ku Salisbury, wokulira ku Mabvuku, wobereka ana ake konko, pachitupa chake panali chizindikiro choti ndi mlendo.

"Mwanangu, ine mlendo wochokera kuti? Kwathu kumene akunenako ndinakuonapo?"

Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a machona anapezeka kuti si nzika, ndipo anataya mwayi woponya voti. Pamwamba pake panali maina onyoza, mabwidi, mabhurandaya, kapena kunenedwa kuti ndi anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, pamene iwo ali ndi mfunda wawo wodziwika bwino. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndi amene anakonza zambiri: wobadwira mu Zimbabwe, kholo lake lili la dziko la mu SADC, anazindikiridwa kuti ndi nzika, ndipo Chichewa chinalembedwa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Wailesi ya National FM ili ndi mapulogalamu m'Chichewa. Azakhali ali ndi chitupa chatsopano tsopano, koma chakalecho sanachitaye. Akuti zidzukulu zidzachione.

Galimoto tinkaisiya pakhomo masiku olowa m'tauni, n'kukwera kombi, minibasi ya kumeneko. Msuweni anayamba watikweza pa Kopje, kaphiri kamene pamwamba pake mumaona mzinda wonse utayalidwa. Chakumunsi kwake, pamene lero pali Africa Unity Square, ndi pomwe gulu la azungu otumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes linaimika mbendera mu 1890 n'kutcha malowo Fort Salisbury. Dzina loti Harare linaperekedwa kwa mzinda wonse pa 18 Epulo 1982, ufulu utakwanitsa zaka ziwiri. Lisanafike tsikulo linali dzina la lokesheni ya anthu akuda imene lero ndi Mbare, ndipo m'menemo ndi momwe makolo athu analitola n'kubwera nalo kumudzi.

Mkati mwa tauni ndinakondamo mitengo. Okutobala ndi mwezi wa jakaranda, ndipo pa Africa Unity Square maluwa ake apepo anali atayoyokera pansi ponse, ogulitsa maluwa a maukwati ndi a maliro ali pambali. Maina a misewu ndi a abale athu a mu Africa, Samora Machel, Julius Nyerere, Kenneth Kaunda, Kwame Nkrumah. Pamphambano ya misewu iwiri yoyambayo paima chipilala cha Mbuya Nehanda, mayi wa mizimu amene atsamunda anamunyonga mu 1898 chifukwa cha nkhondo yoyamba yowakana, chimene chinatsegulidwa mu 2021. Tinalowanso mu Eastgate, nyumba imene Mick Pearce anaikonza potengera momwe chiswe chimaziziritsira chulu chake. Inatsegulidwa mu 1996, ndipo mpweya wozizira wa usiku umasungidwa m'makoma n'kumatuluka masana. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, mkati munali mwabwinobwino.

Koma mtima wa mzindawu uli ku Mbare. Ndi lokesheni yakale kuposa zonse, yoyambika mu 1907, ndipo aliyense wolowa m'tauni kuchokera kumudzi kapena kunja ankayamba waponda pamenepa. Msika wa Mbare Musika umadzuka tambala asanalire. Malole a alimi amafika usiku ndi matimati, anyezi, masamba ndi nthochi, anyamata a ngolo zokankha n'kumakuwa kuti muwapatse njira, ndipo wozengereza amagundidwa chidendene. Mu Okutobala 2024 moto unapsereza mbali yaikulu ya msikawu, anthu ambiri n'kutaya katundu yense, koma malonda sanafe. Chapafupi pali Mupedzanhamo wa kaunjika ndi Siyaso kumene nyundo sizipuma, amisiri akupanga mbaula, mafelemu a mawindo, ngolo ndi miphika kuchokera ku zitsulo zimene ena anataya. Palinso bwalo la Rufaro, limene mbendera ya Zimbabwe inakwezedwapo koyamba pa 18 Epulo 1980, Bob Marley atabwera kudzaimba. Ndi kwawo kwa timu ya Dynamos, imene mmodzi wa akatswiri ake okumbukika, Moses Chunga, ndi mwana wa makolo ochokera ku Malawi.

Pogula mumagwiritsa ntchito dola ya ku America, pambali pake pali ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Tengani madola ang'onoang'ono, chifukwa chenji ndi nkhani yovuta.

Ndinayenda m'mizere ya zakudya zouma pang'onopang'ono, chifukwa chilichonse ndinkachidziwa ngakhale dzina likhale lina. Mfutso wa khwanya ndi wa nkhwani, nzama, malambe, masau ouma, matowo, mawere, mchewere, mapira, therere. Zachilendo kwa ine zinali madora, mphalabungu zikuluzikulu za m'mitengo ya tsanya, zoumitsidwa, zoyezedwa ndi chitini. Mayi wina wachikulire wogulitsa nyemba atamva ndikulankhula ndi achimwene anasiya kasitomala n'kutembenuka.

"Inu ndinu a kumudzi?"

Kumudzi kwake ankanena Malawi. Anabadwira pa famu ya fodya, ndipo bambo ake anali a ku Ntcheu. Anatiwonjezera nzama zodzaza manja awiri, ndalama yake anakana.

Nkhomaliro tinadya kuseri kwa msika, pa benchi, pafupi ndi amayi ophikira pa migolo yodula pakati. Ndinakhala moyang'anana ndi mphika ndipo ndinaona ntchito yonse. Phala likuwira, mayi anavundikira kanthawi kuti lipse, kenako anayamba kuthira ufa pang'onopang'ono, mthiko waukulu ataugwira ndi manja awiri, phazi limodzi litaponda mwala kuti apeze mphamvu. Ankavundula mokankhira kukhoma la mphika, kutembenuza, kukankhanso, thukuta lili kamukamu, mpaka nsimayo inayamba kupuma yokha. Anavundikiranso. Mtsikana anabwera ndi jagi ndi beseni kutisambitsa m'manja. Sadza yawo ndi yolimbirapo kuposa nsima ya ufa woyera imene tinazolowera, ufa wake uli pakati pa mgaiwa ndi woyera, ndipo imakhalitsa m'mimba. Ndiwo zinali mang'ina ophikidwa kuyambira m'mawa mpaka kufewa kochita kumata zala, ndi masamba a covo okazingira matimati ndi anyezi.

Pali ziwiri zimene anzathuwa atiposa. Choyamba ndi kutendera. Ife timasinja mtedza wosakazinga kukhala nsinjiro, iwo amayamba aukazinga n'kuupera mpaka usanduke chiponde, chimene amati dovi, ndiye n'kuthira m'masamba, m'nyama youma, ngakhale mu mpunga. Nkhwani wotendera wa amayi anga sindingamunyoze, koma fungo la mtedza wokazinga m'ndiwo lili ndi kwake. Chachiwiri, sanataye nsima ya mawere. Imapezeka pamsika, imapezekanso m'malo odyera a anthu a ndalama, yofiirira, yonunkhira, ndipo anthu amaiitanitsa monyadira. Kwathu mawere tinawasiyira thobwa ndi mowa, chikhalirecho ndi mbewu yopirira chilala kuposa chimanga chimene chimatiliza chaka ndi chaka. Pa nsomba pokha ndiye ayi. Kapenta wawo ndi wa ku Kariba, ndipo mbewu yake inachita kutengedwa ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndi wabwino, koma tsiku limene azakhali anaphika usipa tinabwera nawo uja anaitana anzawo awiri a mumpingo kuti adzalaweko, ndipo m'mbale simunatsale ngakhale mutu.

Nyumba ya zaluso ya National Gallery of Zimbabwe ili pa Julius Nyerere Way, kumbuyo kwake kuli Harare Gardens. Inatsegulidwa mu 1957, ndipo mkulu wake woyamba, Frank McEwen, ndi amene analimbikitsa anthu akuda kujambula ndi kusema pa nthawi imene azungu ambiri a m'dzikomo sankakhulupirira kuti munthu wakuda angapange chinthu choyenera kuikidwa m'nyumba yotere. Kuchokera pamenepo anatuluka akatswiri monga Joram Mariga, Nicholas Mukomberanwa ndi Sylvester Mubayi, ndipo mu 1971 miyala yawo inakaonetsedwa ku Musée Rodin ku Paris. Dziko lonse linaidziwa ntchito imeneyi ndi dzina loti zosema za Ashona. Ndinazungulira m'bwalo la miyala la nyumbayi, tsiku lina n'kupitanso ku Chapungu Sculpture Park ku Msasa, ndipo ndinatuluka ndikulemekeza kwambiri manja a anthu amenewa. Koma dzina lija limabisa anthu ena, ndipo kuti ndiwapeze tinatulutsanso galimoto.

Tengenenge ili kumpoto kwa Harare cha ku Guruve, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, kudzera ku Mazowe kwa minda ya malalanje ndi ku Mvurwi, kumapeto kwake msewu wafumbi. Malowa anali famu ya fodya ya Tom Blomefield. Boma la Ian Smith litadzilengezera ufulu mu 1965, maiko anatseka malonda ndi Rhodesia, fodya anasowa msika, ndipo antchito a pafamupo anatsala manja lende. M'phiri la pafamupo, lomwe ndi mbali ya mtandadza wa Great Dyke, munali mwala wabwino wosema. Mu 1966 anayamba kusema. Antchito a m'mafamu a dera limenelo anali ndani? Ambiri anali ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Lemon Moses, mmodzi wa oyambirira, anali wa ku Malawi. Josiah Manzi, Myao, makolo ake anachokera ku Malawi. Fanizani Akuda, wodziwika ndi nkhope zake zomwetulira za maso otsinzina ndi milomo yoimba mluzu, anali Mchewa wa ku Zambia amene anayamba ndi ntchito yokumba miyalayo. Anagwira ntchito limodzi ndi Ashona monga Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera, ndipo aliyense anabweretsa za kwawo. Mukayang'anitsitsa nkhope zina za pamiyalapo, munthu wokulira pafupi ndi bwalo la gule sasowa womuuza kumene zinachokera.

Miyala ili paliponse m'nkhalangomo, yoikidwa pa zitsa, pansi pa mitengo, mbali zonse za tinjira, yambirimbiri, ndipo phokoso lake ndi la nyundo zogogoda uku ndi uku. Ndinakhala pansi pafupi ndi bambo wina wa imvi amene ankamaliza mutu wa mayi wobereka mwana. Nditapereka moni wa Chishona chothyokathyoka, anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Tili bwino, kaya inu achimwene?" Agogo ake anali a ku Mangochi. Mwalawo unali wa mtundu wolimba umene amautcha springstone, ndipo unkaoneka wotuwa, wosasangalatsa. Anali atamaliza za nyundo ndi tchizulo, atapalanso ndi tupa, tsopano ankakhula ndi sandipepala woviika m'madzi, kuyambira wokhakhala kutsikira ku wosalala, chala chikuyenda pa tsaya la mayiyo kufufuza pamene patsala. Atakhutira anakoleza moto n'kuusendeza mwalawo pafupi kuti utenthe, akuutembenuza ndi chiguduli. Utatentha anaupaka phula ndi kaburashi, phulalo n'kumasungunuka kulowa m'mwalamo. Anadikira kuti uzizire, anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta. Mwala wotuwa uja unasanduka wakuda bii, wonyezimira ngati msana wa mlamba wongovuulidwa kumene. Tsitsi la mayiyo analisiya losapaka, lotuwa, mikwingwirima ya tchizulo ikuoneka.

Anandiuza kuti ogula achepa kuyerekeza ndi kale, ndipo ena amene amabwera amafuna kugula mwa mulu pa mtengo wa matimati. Ndinagula kamwala kakang'ono kamene ndikanatha kunyamula, ndipo sindinanenerere. Mukapitako inunso musanenerere kwambiri. Ntchito imene ndinaiona ndi maso angayi si ya tsiku limodzi.

Loweruka madzulo msuweni anatitengera kwa Mereki ku Warren Park. Ndi bwalo chabe, lozunguliridwa ndi mabutchala ndi mabala. Mumagula nyama yanu, kupatsa amayi owotcha, iwo n'kukubweretserani pamodzi ndi sadza ndi matimati odula, inu mutatsamira galimoto. Utsi uli tolo, galimoto iliyonse yatsegula zitseko ndi nyimbo zake. Achinyamata ankaika Zimdancehall, nyimbo zimene zinakulira m'mafulati a ku Mbare. Koma sungura ikangolira penapake, akuluakulu ankaika mbale pansi. Ndi nyimbo ya magitala othamanga, besi ikuyankhula ngati munthu, ndipo mwa eni ake enieni muli ana a machona. Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys anali wa makolo a ku Malawi. Alick Macheso, amene anaphunzira ntchito m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, anabadwira ku mafamu a ku Shamva mu 1968, bambo ake a ku Malawi, mayi ake a ku Mozambique. Onse awiri anaika Chichewa m'nyimbo zawo. Ndinaona ndi maso anga Ashona odzaza bwalo akuimba mawu a Chichewa mokweza, ena osadziwa n'komwe tanthauzo lake, miyendo ikupalasa fumbi. Chilankhulo chimene ana ankachita nacho manyazi kusukulu chinalowa m'nyumba iliyonse kudzera pa wailesi.

Za mbira ndinene mwachidule, ngakhale zimandiwawa. Mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga ndi kuimba mbira kapena sansi m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo maiko amene analembetsa limodzi ndi Malawi ndi Zimbabwe. Ku Harare mbira ndinaimva m'tauni, ikuimbidwa ndi anyamata ndi atsikana, ili m'chikho chake chachikulu chomangiriridwa zitsekerero za mabotolo, maseche akuyankhira. Thomas Mapfumo anaisamutsira pa gitala kalekale. Kwathu kuno ndi achinyamata angati amene anagwirapo sansi?

Lamulungu linagawika pawiri, monga momwe anthu athu kumeneko alili. M'mawa tinapita ndi azakhali ku CCAP. Mpingowu uli ndi sinodi yakeyake ya Harare, imene mizu yake ili ku Nkhoma, chifukwa abusa ankatsatira nkhosa zawo zimene zinapita kukagwira ntchito. Ulaliki unali wosakaniza, koma nyimbo itayamba inali ya m'buku lomwe lija timaimba kwathu, m'Chichewa, mokoka bwino, amayi a zoyera akutsogolera. Achimwene anga, munthu wosalira wamba, ndinawaona akupukuta m'maso.

Masana msuweni anandinong'oneza kuti kuli gule chakuseri, pa mwambo wokumbukira mkulu wina amene anamwalira. Azakhali sapita ku zoterezi, ndi a mpingo, ndipo anangoti, "Pitani, koma mukaime patali." Tinamva mbalule tisanafike. Bwalo lake linali pakati pa nyumba ndi minda ya m'tauni, amayi ataima mbali imodzi akuwomba m'manja ndi kuyankha nyimbo m'Chichewa chosasakaniza ngakhale pang'ono, chikhalirecho ambiri a iwo kunyumba amalankhula Chishona. Kapoli anatulukira liwiro, nthenga zili yangayanga, fumbi koboo, ana n'kubalalika. Pambuyo pake makanja anabwera akuponda mwaulemu, mutu uli pamwamba pa madenga. Anthu ankasupa ndi madola. Ashona amati zvigure, ndipo ambiri amaziopa, nkhani zimene zimamveka za izo nthawi zambiri zimakhala zoipa. Koma kwa munthu amene anali pa famu kapena pa mgodi, kutali ndi mfumu yake ndi abale ake, gule pamodzi ndi mabungwe a maliro ndiye anali mudzi wake. Ndi amene ankaonetsetsa kuti akamwalira asaikidwe ngati wopanda kwawo. Ayao nawo anachita chimodzimodzi ndi mizikiti yawo. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe palibepo pa mndandandawo, koma ng'oma zikulira ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa ndi m'migodi yakale mpaka lero.

Mbiri itamveka kuti kwa azakhali kwabwera alendo a kumudzi, madzulo a tsiku lomaliza pakhomo panadzaza. Anabwera agogo oyenda ndi ndodo, anabwera amayi a mumpingo, anabweranso ena amene ndinawaona kubwalo la gule, onse pa mkeka umodzi. Sanabwere kudzapempha kanthu. Aliyense anali ndi dzina la mudzi, la mfumu, la phiri kapena la mtsinje limene anamva kwa bambo ake.

"Mdzukulu wanga, lemba. Bambo anga ankati kwawo ndi kuseri kwa phiri la Dedza, pafupi ndi dambo. Ukakafunse ngati alipo otsala."

Ndinalemba m'kope mpaka masamba anatha, achimwene n'kupitiriza pa foni. Chibwerereni ndakhala ndikufunsa m'maliro, m'misika ndi kwa mafumu. Banja lina ndalipeza ku Ntcheu, ndipo mayi wa nyemba wa ku Mbare uja analankhula pa foni ndi mwana wa azakhali ake koyamba. Ena ndikufufuzabe, makamaka a ku Mchinji ndi ku Mangochi kumene sindifikafika. Msuweni wanga akukonza pasipoti kuti abwere ndi azakhali nyengo yokolola, adzaone manda a agogo awo ndi munda umene bambo awo anausiya.